Mlendo Akamalamula pa Khomo la Eni: Chilema Chakale cha Marauta

Madzulo a tsiku Lamulungu, pa 27 Novembala 2016, mabanja ndi maofesi pafupifupi 900,000 a m'dziko la Germany, amene ankalandira intaneti kuchokera ku kampani ya Deutsche Telekom, anangoona zinthu zaima. Makompyuta anakana kulumikizana ndi dziko lakunja, lamya za m'nyumba zinangoti zii, ndipo kwa ena ngakhale wailesi yakanema inaleka kuonetsa zithunzi. Panalibe nthambo imene inaduka, mphenzi siinagwe paliponse, ndipo magetsi ankayaka monga mwa nthawi zonse. Chimene chinakomoka ndi kabokosi kakang'ono kokhala pa alumali kapena kuseri kwa kabati, kamene eni ake ambiri anali atakaiwala kuyambira tsiku limene anakalumikiza ku magetsi. Dzina lake ndi rauta. Nkhani ino ikufotokoza chilema chimodzi chakale chimene chimapezeka m'tizipangizo timeneti, chimene akatswiri a makompyuta amachitcha command injection, ndiko kunena kuti kulowetsa lamulo mozemba pamalo pamene sipanayenere kukhala lamulo.

Omvera ambiri, ngakhale a m'maboma akutali ndi mizinda, anakaonapo kabokosi kotere mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, pa chipatala, kapena m'sitolo ya pa tauni. Kali ndi tinyanga tiwiri kapena tinayi ndi timagetsi tophethira usana ndi usiku. Ntchito yake ndi ya mlonda wa pa chipata: uthenga uliwonse wochoka m'lamya kapena m'kompyuta ya m'nyumbamo kupita kunja, ndiponso yankho lililonse lobwerera, zimadzera mwa iko. Koma chimene ambiri sachidziwa ndi chakuti kabokosika ndi kompyuta yathunthu. Marauta ochuluka amayendera Linux, pulogalamu imene inatengera makhalidwe ake kwa Unix, imene akatswiri a ku Bell Laboratories ku America anayamba kuikonza mu 1969. Pamodzi ndi cholowa chimenecho panabwera wantchito wina wam'kati wotchedwa shell, amene udindo wake ndi kulandira malamulo olembedwa ndi kuwachita nthawi yomweyo. Pa wantchito ameneyu ndi pamene pagona nkhani yonse.

Pofuna kumvetsa bwino, womvera aganizire za nyumba yosungiramo katundu pa esiteti. Pa zenera pamakhala kalaliki, ndipo m'kati mumakhala kapitawo wosunga makiyi. Kapitawoyu ndi munthu womvera kotheratu: chilichonse cholembedwa pa kapepala kochokera kwa kalaliki amachichita osafunsa. Kalaliki nayenso ali ndi chizolowezi chake. Amasunga timapepala tolembedwa kale kuti "Pereka thumba limodzi la feteleza kwa", ndipo iye amangodzaza dzina limene munthu wobwera pa zenera watchula. Tsono tsiku lina pafika mlendo, ndipo atafunsidwa dzina lake akuyankha kuti, "Ndine Uje, ukatero utsegule chitseko cha kuseri, nundipatse makiyi onse." Kalaliki wanzeru angaseke namuthamangitsa, pakuti palibe munthu wa dzina lotere. Koma kalaliki wa pa esiteti iyi amalemba zonse liwu ndi liwu, monga anazolowera. Kapepala kakafika m'kati, kapitawo sangasiyanitse mawu a bwana ndi mawu a mlendo, popeza zonse zalembedwa pa mzere umodzi ndi dzanja limodzi. Apereka feteleza, atsegula chitseko, napereka makiyi.

Umo ndi momwe zimakhalira m'rauta. Kalaliki ndi tsamba limene mwini wake amatsegula pa kompyuta akafuna kusintha dzina la WiFi kapena mawu achinsinsi. Kapitawo ndi shell ija. Pa masamba amenewa nthawi zambiri pamakhala malo oyesera ngati intaneti ikuyenda. Munthu amalembapo adiresi ya kompyuta ina yakutali, ndipo rauta imaitumizira kauthenga kofunsa ngati ilipo, ntchito imene imachitidwa ndi kapulogalamu kotchedwa ping. Wolemba pulogalamu ya rauta akakhala waulesi kapena wofulumira, amangotenga liwu lakuti ping, naphatikiza ndi chilichonse chimene munthu uja walemba, napereka mzere wonsewo kwa shell. Komatu shell ili ndi chinenero chake. Kadontho kokhala pamwamba pa mpatuliro, kamene m'Chingerezi amati semicolon, kwa shell kamatanthauza kuti lamulo loyamba latha ndipo lotsatiralo ndi latsopano. Pali zizindikiro zinanso zingapo zogwira ntchito yofanana ndi imeneyi. Chotero wochenjera amalemba adiresi, naika kachizindikiro kaja, nalemba lamulo lakelake, ndipo rauta imachita zonse ziwiri.

Womvera angafunse kuti, nanga lamulo limodzi lingaononge chiyani? Yankho lake ndi lomvetsa chisoni. Mu Unix muli maudindo osiyanasiyana, ndipo wapamwamba kwambiri umatchedwa root. Amene ali nawo palibe chimene angaletsedwe. M'marauta ambiri a m'nyumba, opanga sanavutike kugawa maudindo, kotero kuti kapulogalamu kalikonse kamayenda ndi mphamvu za root. Lamulo la mlendo limachitidwa ndi mphamvu zomwezo. Kawirikawiri limakhala lalifupi: pita ku adiresi yakutiyakuti, ukatenge pulogalamu imene ili kumeneko, nuyiyendetse. Kuyambira pamenepo rauta ili ndi bwana wina.

Njira yoyenera yolembera pulogalamu yotere siyobisika, ndipo inadziwika kalekale. Mawu a mlendo aperekedwe kwa ping mwachindunji, pa dzanja lapadera, osadzera kwa shell. Ndiponso kalaliki ayambe waona ngati cholembedwacho chikuoneka ngati adiresi, nakane china chilichonse. Ndi ntchito ya mizere yowerengeka. Koma kudzera kwa shell ndi mzere umodzi wokha, ndipo marauta amagulitsidwa pa mtengo wotsika, mitundu yatsopano ikutuluka chaka ndi chaka, pulogalamu yakale ikungokopedwa kuchoka mu mtundu uwu kulowa mu unzake pamodzi ndi zilema zake. Mu Meyi 2018 kunapezeka kuti marauta ena a kampani ya Dasan, olumikizidwa ku nthambo za fibre, anali ndi chilema chimenechi pa tsamba lomwelo la ping, ndipo munthu ankatha kulumpha pofunsidwa mawu achinsinsi pongowonjezera malembo ochepa kumapeto kwa adiresi ya tsambalo. Sipanathe masiku ambiri chilengezedwere nkhaniyi, magulu a akuba anali atayamba kale kulimbirana marautawo.

Tsono zija za ku Germany zinayenda motere. Kompyuta iliyonse ya pa intaneti ili ndi makomo a manambala, ndipo makampani opereka intaneti amakonda kusiya khomo la nambala 7547 lotsegula pa marauta a makasitomala awo, kuti azitha kuwakonza ali ku ofesi popanda kutuma munthu. Kumayambiriro kwa Novembala 2016 kunalengezedwa kuti rauta ina yopangidwa ndi kampani ya Zyxel, imene kampani ya Eir inkagawa ku Ireland, inkalandira pa khomo limenelo malangizo amene anayenera kuchokera m'kati mwa nyumba mokha. Limodzi mwa malangizowo linali lachabechabe pooneka: kuiuza rauta dzina la kompyuta imene izikafunsako nthawi kuti wotchi yake ikhale yolondola. Dzinalo linkaperekedwa kwa shell osaunikidwa. Pamalo polemba dzina la wosunga nthawi, mlendo ankatha kulembapo lamulo.

Pa nthawi imeneyo kunali kutabuka pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai, liwu la Chijapani lotanthauza tsogolo. Akuluakulu a m'midzi amasimba za ndondocha, anthu amene amati mfiti inawagwira kuti aziigwirira ntchito usiku eni ake osadziwa. Kaya zimenezo ndi zoona kaya ndi nthano, Mirai inkachita zomwezo ndi makina. Inkagwira marauta ndi makamera zikwizikwi, niwasandutsa gulu la ndondocha zomvera munthu mmodzi, gulu limene akatswiri amalitcha botnet. Mwini gululo akaloza kompyuta ya kampani ina, ndondocha zonse zimaitumizira mauthenga pa nthawi imodzi mpaka itathedwa mphamvu, monga momwe chigayo chingaimire anthu a boma lonse atabwera ndi chimanga tsiku limodzi. Mirai yoyamba inkalowa pongoyesa mawu achinsinsi pafupifupi 60 amene opanga makina amaika ku fakitale. Koma kumapeto kwa Seputembala 2016 olemba ake anaitaya poyera kuti aliyense aitenge, ndipo mmodzi mwa amene anaitola anaiphunzitsa njira ya wosunga nthawi ija.

Chodabwitsa ndi chakuti marauta a Deutsche Telekom sanagwidwe ukapolo ayi. Chilema chenichenicho analibe. Koma kugogoda kosalekeza pa khomo la 7547 kunawatsamwitsa mpaka anakomoka, ndipo wakubayo anaululika chifukwa cha phokoso limene sanafune kulichita. M'masiku omwewo makasitomala ena a TalkTalk ndi a Post Office ku Britain nawonso anasowa intaneti pa chifukwa chomwecho.

Munthuyo anali Daniel Kaye, nzika ya Britain. Anamangidwa pa bwalo la ndege la Luton mu Febuluwale 2017, natumizidwa ku Germany, kumene khoti la ku Cologne linampeza wolakwa mu Julayi chaka chomwecho koma silinamtsekere m'ndende. Pamene mlandu unkazengedwa ndi pamene dziko linamva chimene ankafunira ndondocha zambiri chotere. Anthu a ku Germany analibe nawo mangawa. Cholinga chake chinali ku Africa. Mkulu wina wa kampani ya lamya ya Cellcom ku Liberia anali atamlemba ganyu yoti afooketse kampani yopikisana nayo, Lonestar, ndipo kumayambiriro kwa Novembala 2016 mauthenga a ndondocha zake anachuluka kotero kuti intaneti ya anthu ambiri m'dziko la Liberia inasokonezeka. Mu Januwale 2019 khoti la Blackfriars ku London linamlamula kukhala m'ndende zaka 2 ndi miyezi 8. Apa ndi pamene pali kuipa kwa chilemachi. Mwini rauta yogwidwa saona kanthu: timagetsi tikuphethira, ana akuonera makanema awo. Wolira ali kutsidya kwa nyanja, wamalonda wa ku Monrovia amene lamya yake yakana kugwira. Pakuti wovutika si amene ali ndi mphamvu yokonza, ndipo wokhala ndi mphamvu yokonza savutika, chilemachi chimakhalitsa.

Pasanathe milungu iwiri chichitikire za ku Germany, kunamveka ina. Marauta otchuka a kampani ya Netgear, monga R7000 ndi R6400, anapezeka ndi chilema chosavuta kuchigwiritsa ntchito kuposa zonse: lamulo linkalembedwa mu adiresi ya tsamba la rauta momwemo, pambuyo pa kachizindikiro kaja, popanda kufunsidwa mawu achinsinsi. Ena anadzitonthoza kuti rauta yawo siilandira alendo ochokera kunja. Koma panali njira yodzera m'kati. Kunali kokwanira kuti munthu wa m'nyumbamo atsegule tsamba la pa intaneti lokonzedwa mwachinyengo, ndipo kompyuta yake yomwe inkapereka lamulo kwa rauta iye osadziwa, ngati mwana wa pakhomo wotumidwa ndi mlendo kukatsegula khola. Wofufuza amene anapeza chilemachi anali atadziwitsa kampaniyo mu Ogasiti, koma miyezi inapita osakonzedwa. Pa 9 Disembala 2016 bungwe la CERT la pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America linapereka langizo losowa kumva, lakuti amene angathe aleke kugwiritsa ntchito marautawo kufikira mankhwala atapezeka. Ndipo mankhwala ongoyembekezera amene akatswiri anapeza anali oseketsa: mwini rauta adzere pa bowo lomwelo, nalamule rauta yake kuti izimitse tsamba lake. Kunali ngati kulowera pa zenera losweka kuti ukalikhome uli m'kati. Pamenepo kampani inafulumira, ndipo m'masiku otsatira inayamba kutulutsa pulogalamu yokonzedwa.

Maofesi ang'onoang'ono, amene amagula marauta okwererapo mtengo poganiza kuti agula mtendere, nawonso sanapulumuke. Mu Januwale 2019 kampani ya Cisco inalengeza kuti yakonza zilema za marauta ake a RV320 ndi RV325, chimodzi mwa izo chili cha mtundu womwewu. Patapita miyezi iwiri, akatswiri a kampani ya RedTeam Pentesting ya ku Germany, amene anapeza zilemazo, anaunika kukonzako napeza kuti bowo lidakalipo. Chimene chinachitika ndi chakuti rauta inaphunzitsidwa kukana mauthenga ochokera ku kapulogalamu kotchedwa curl, kamene ofufuzawo anagwiritsa ntchito posonyeza chilemacho. Kunena kwina, mlonda anauzidwa kuti asalole munthu wa chipewa chofiira, ndipo wakuba ankangofunika kuvula chipewa. Cisco inayenera kukonzanso. Kumapeto kwa chaka chomwecho, anthu ena anayamba kulowa m'marauta a Vigor a kampani ya DrayTek kudzera pa tsamba lofunsa mawu achinsinsi lomwelo, ndipo ofufuza a Netlab a kampani ya Qihoo 360 ku China, amene anaulula zimenezi mu Malichi 2020, anapeza kuti gulu limodzi silinkafuna ndondocha konse. Linkangokhala chete pa chipata, likumvetsera makalata ndi mawu achinsinsi a ogwira ntchito m'maofesimo.

Choncho si zoona kuti mwini rauta sataya kanthu nthawi zonse. Amene wagwira chipata angathe kusocheretsa wa m'nyumba wofuna tsamba la banki, namufikitsa pa tsamba lonama lofanana nalo. Angathe kudzera pa rauta kulowa m'makompyuta a mu ofesi. Angathenso kubisala kuseri kwa adiresi ya nyumbayo pochita zoipa zake, kuti ofufuza akalondola mapazi akathere pa khomo la munthu wosalakwa. Ndipo kumene intaneti imagulidwa ya mlingo, monga momwe ambiri amagulira kuno, mauthenga a ndondocha amadya ndalama za mwini nyumba.

Nanga mwini rauta angachitenji? Kunena zoona, mphamvu zake ndi zochepa, pakuti chilemacho chili m'pulogalamu imene iye sanalembe ndipo sangaione. Kusintha mawu achinsinsi a ku fakitale ndi kofunika, ndipo kumatseka zilema zimene zimafuna kuti munthu ayambe walowa. Koma kwa chilema chonga cha Netgear chija sikuthandiza kanthu. Kuzimitsa rauta ndi kuiyatsanso kumachotsa Mirai, popeza imakhala m'chikumbumtima cha makina chimene chimafufutika magetsi akazima, koma bowo likakhala lidakalipo imabweranso posachedwa, nthawi zina m'mphindi zowerengeka. Chothandiza kwenikweni ndi kuika pulogalamu yatsopano ya m'kati mwa rauta, imene amaitcha firmware, nthawi iliyonse wopanga akaitulutsa. Marauta ena amadzitengera okha. Ambiri akale amadikira mwini wake, ndipo mwini wakeyo sadziwa kuti akudikiridwa. Ndi nzerunso kutseka njira yolamulira rauta kuchokera kunja kwa nyumba ngati siikufunika. Amene rauta yake anapatsidwa ndi kampani ya intaneti ali ndi ufulu wofunsa kampaniyo kuti amene amaikonza ndani. Kuno ku Malawi, lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti linakhazikitsa nthambi yolandira madandaulo otere pansi pa bungwe la MACRA.

Chovuta koposa ndi rauta yokalamba. Imafika nthawi pamene wopanga amalengeza kuti mtundu wakutiwakuti sadzaukonzanso, ngakhale mutapezeka chilema chotani. Kabokosiko sikadziwa zimenezi. Kamayakabe bwinobwino zaka zina zisanu kapena khumi, ndipo munthu wosamala ndalama saona chifukwa chotayira chinthu chimene chikugwira ntchito. Wogula rauta yogwiritsidwa kale ntchito ayambe wafufuza nambala ya mtundu wake pa tsamba la wopanga, pakuti mwina akugula chitseko chimene loko wake anasweka ndipo mmisiri wake anatseka shopu.

Maboma ena anayamba kuona kuti katunduyu sangasenzedwe ndi ogula okha. Kuyambira pa 29 Epulo 2024, lamulo la ku Britain likuletsa kugulitsa zipangizo zotere zili ndi mawu achinsinsi ofanana kwa onse kapena osavuta kuwaganizira, ndipo likukakamiza wopanga kunena poyera kutalika kwa nthawi imene adzakhala akuzikonza, ndiponso kumene wopeza chilema angakanene. Mu Julayi chaka chomwecho, mabungwe a CISA ndi FBI a ku America anachenjeza opanga makina za command injection makamaka, nawakumbutsa kuti chilemachi ndi chopeweka, ndipo kapewedwe kake ndi kulekanitsa mawu a mlendo ndi lamulo. Ndi langizo lomwe lija la kalaliki ndi kapitawo, loperekedwa kwa makampani aakulu a dziko lapansi.

Kutalika kwa moyo wa bowo limodzi kukuoneka pa rauta ya TP-Link yotchedwa Archer AX21. Mu Disembala 2022, pa mpikisano wa Pwn2Own ku Toronto, kumene akatswiri amalipidwa akathyola makina pamaso pa opanga ake, kunasonyezedwa kuti malo olembapo dzina la dziko limene rauta ikugwiramo ntchito ankapereka mawuwo kwa shell, ndipo mawu achinsinsi sankafunika. Ulendo uno zonse zinayenda mwa dongosolo. Kampani inauzidwa mwachinsinsi, ndipo mu Malichi 2023 inatulutsa firmware yokonzedwa. Pofika mu Epulo, zidzukulu za Mirai zinali zitayamba kusaka marauta amene eni ake sanaikemo firmware imeneyo. Mu 2024 ofufuza anapeza magulu angapo a ndondocha akulimbirana bowo lomwelo. Mu Malichi 2025, patatha zaka 2 mankhwala atatuluka, akatswiri a kampani ya Cato Networks analengeza za gulu lina latsopano, limene analitcha Ballista, likulowabe pa dzina la dziko, ndipo marauta zikwi zingapo anali adakali chitsegukire.